Mlendo Amene Sakamuka: Za Kudzipereka pa Dzaleka

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma ife a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi tili ndi alendo amene akhala pakati pathu zaka zoposa 30. Kodi mwambiwu utithandiza bwanji pamene mlendo alibe kwao kobwerera?

Poyamba tikumbukire mbiri ya malowo. M'nthaŵi ya Dr Banda, Dzaleka idali ndende ya andale. M'chaka cha 1994 boma, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, lidaisandutsa msasa wa anthu othaŵa nkhondo ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Malo amene adakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 adadzafika posunga anthu oposa 50,000. M'chaka cha 2023 boma lidabwezanso kumsasako iwo amene adali atakhazikika m'mizinda, ndipo kuthinana kudakula.

Nkhondo ya kum'maŵa kwa Congo idaloŵanso m'nyumba zathu. Mu Novembala 2018 asilikali athu 6 adaphedwa kufupi ndi Beni, ndipo mu Januwale 2025 enanso 3 adafa polimbana ndi zigaŵenga za M23 m'dera la Goma. Motero mkazi wamasiye wa msilikali wa Chimalaŵi ndi mai wa ku Kivu wokhala pa Dzaleka akulira maliro a nkhondo imodzi. Wansembe amene atonthoza mmodzi nkuiŵala mnzake sadamvetse udindo wake.

Kodi kudzipereka nkutani? Bungwe la Jesuit Refugee Service, limene Bambo Pedro Arrupe adaliyambitsa mu 1980 ndipo lakhala likuyendetsa sukulu pa Dzaleka, lidaika ntchitoyi m'magawo atatu. Choyamba ndi kuperekeza: kukhala pansi ndi munthu, kumva nkhani yake, ngakhale kuphunzira Chiswahili pang'ono kuti timpatse moni m'chiyankhulo chake. Chachiŵiri ndi kutumikira: kuphunzitsa ana, kucheza ndi odwala, kuthandiza kuika maliro. Chachitatu ndi kuŵalankhulira pamene ufulu wao uponderezedwa. Tisasinthe ndondomekoyi, pakuti wofulumira kugaŵa ufa asadamve dzina la wolandira amamsandutsa wopemphetsa.

Pali chovuta chimene sitingachibise. Anthu a m'midzi yozungulira msasa nawonso ndi osauka, ndipo nkhuni, madzi ndi minda ndi zochepa. Thandizo lolambalala mudzi limabala nsanje. Nchifukwa chake ntchitoyi iyenera kuyambira m'miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa mu Dayosizi ya Lilongwe kuyambira 1973, kuti eni mudzi akhale eni ake a chifundocho.

Mateyo Woyera, m'mutu 2, atiwonetsa Yosefe akuthaŵitsa Mwana ndi Amai ake usiku kunka ku Ejipito. Sitidziŵa maina a iwo amene adaŵapatsa madzi ndi pogona, komabe Mpulumutsi adakhala moyo m'manja mwao. Ife ansembe ndi aseminale, poyamba tchuthi kapena chaka cha utumiki m'parishi, tidzifunse kuti ndi banja liti, la msilikali kapena la wothaŵa nkhondo, limene tidzalidziŵe ndi dzina.