"Frankly": Odi wa Mawu Owawa

Bwana akatsegula pakamwa pa msonkhano n'kuyamba ndi "frankly", odziwa Chingerezi amakhala tcheru. Zotsatira zake sizikhala zotsekemera: mwina lipoti lija n'lopanda mutu, mwina ntchito yachedwa. Pa Chichewa munthu akanati "kunena mosapsatira" kapena "mosapita m'mbali".

Liwuli lili ndi malo awiri. Likatsatira mneni, monga mu "she spoke frankly", limangosonyeza kuti mayiyo analankhula momasuka, osabisa kanthu. Likatsogola, monga mu "frankly, this plan won't work", limakhala ngati odi wa pakhomo: mwini mawu akudziwitsa anzake kuti akulowa ndi nkhani yolasa. Apa ndi pomwe limasiyana ndi "honestly", lomwe limangotsimikiza kuti munthu sakunama. Wonena "frankly" akuwonjezerapo kuti sakuopa kukhumudwitsa womvayo.

Gwero lake ndi dzina la mtundu wa anthu. A Frank anali anthu a ku chigawo cha mtsinje wa Rhine, ndipo mu 486 mfumu yawo Clovis inapambana nkhondo ku Soissons n'kuyamba kulamulira kumpoto kwa Gaul, dziko lomwe lero limatchedwa France, kutengera dzina lawo lomwelo. Popeza iwo ndiwo anali mfulu m'dzikomo, pa Chilatini liwu loti "francus" linayamba kutanthauza munthu yemwe si kapolo. Ndiye kuchokera pa mfulu kufika pa munthu wosaumira pakamwa panalibe mtunda wautali, pakuti wolankhula zakukhosi ndi amene alibe mbuye womuopa.

Amene anatchukitsa kwambiri "frankly" ndi Clark Gable mu filimu ya Gone with the Wind ya 1939, pomwe iye, akusewera ngati Rhett Butler, akusiya mkazi wake Scarlett ndi mawu oyamba ndi liwuli. Bungwe la American Film Institute mu 2005 linasankha mawu akewo kukhala oposa onse olankhulidwa m'mafilimu a ku America, chonsecho mu buku la Margaret Mitchell la 1936, momwe filimuyo inachokera, liwuli mulibe pa chiganizo chimenecho. Analiika ndi a filimu.

Andale amalikonda, makamaka "quite frankly", ngakhale pamene akuzemba funso. Akazembe nawo ali ndi kachinsinsi kawo: chikalata chikanena kuti atsogoleri awiri anakhala ndi zokambirana za "full and frank", atolankhani amadziwiratu kuti m'chipindamo munali mkangano ndipo sanamvane.