Chinkhupule: ndiwo ndi chosambira zochokera pampanda



Ambirife timadziwa chinkhupule ngati chosambira chogula pamsika wa Limbe kapena wa Ndirande, koma ndi ochepa amene anachionapo chili chachiwisi. Chinkhupule ndi chipatso cha mbewu yoyanga, ya banja limodzi ndi maungu, mphonda, nkhaka ndi zipwete. Mbewuyi inachokera ku Asia. Pa sayansi imatchedwa Luffa aegyptiaca, ndipo liwu loti luffa ndi lochokera ku Chiarabu. Banja la mbewu zimenezi si lachilendo kwa ife Asilamu. Mu Surah As-Saffat, ndime 146, timawerenga kuti Allah anameretsa chomera chamtundu wa maungu pa Mneneri Yunus (AS) atatuluka m'mimba mwa nsomba.

Mbewuyi ndi yoyenera ife okhala m'tauni chifukwa imakwera m'mwamba. Ku Bangwe, Chilomoni kapena Ndirande malo olima ndi ochepa, koma mpanda umapezeka pamakomo ambiri. Chinkhupule chimangofuna dzuwa lokwanira, nthaka yosadikha madzi ndi poyanga polimba.

Nthawi yabwino yodzala ndi pamene mvula yoyamba yagwa, mu Novembala kapena Disembala. Njere zake ndi zakuda, zakhungu lolimba, choncho tiziviike m'madzi usiku umodzi kuti zimere msanga. Tikumbe mapando motalikana mita imodzi, tithiremo manyowa owola bwino, ndipo tidzale njere ziwiri kapena zitatu paphando, mozama masentimita 2 kapena 3. Zimamera pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Zikamera tisiyepo imodzi yamphamvu n'kuilondolera kumpanda. Zipatso zolendewera zimakula zowongoka, pomwe zogona pansi zimapindika ndi kuwola.

Maluwa ake ndi achikasu ndipo alipo amitundu iwiri pa chomera chimodzi, aamuna ndi aakazi. Duwa lalikazi timalizindikira ndi kachipatso kamene kali kunsi kwake. Njuchi ndi zimene zimatenga mungu ku duwa lalimuna kupita nawo ku lalikazi, n'chifukwa chake si bwino kupopera mankhwala maluwa akamasula. Mdani wamkulu ndi ntchentche zoboola zipatso. Chipatso chobooledwa tichithyole n'kuchikwirira pansi, ndipo zanthete tingaziteteze pozivala timatumba ta pepala.

Pakatha miyezi iwiri kapena itatu timayamba kuthyola ndiwo. Chipatso chanthete, chosapitirira masentimita 15, chimapalidwa n'kuphikidwa ndi tomato ndi anyezi, monga amachitira ku India ndi ku China. Tiyambe talawa kachidutswa. Chikakhala chowawa tichitaye, chifukwa kuwawako ndi chizindikiro cha poizoni wotsegula m'mimba.

Zimene tikufuna kuti zikhale zosambira tizisiye pampanda mpaka miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Khungu likasanduka lofiirira, chipatso n'kupepuka, njere n'kumalira tikachigwedeza, ndiye kuti chakhwima. Tisende khungulo, tikutumule njere, titsuke ulusiwo n'kuuyanika padzuwa. Njerezo ndi mbewu ya chaka chamawa. Chinkhupule chimodzi chachitali tingachidule pawiri kapena patatu, china chosambira, china chotsukira mbale. Tizichiyanika tikatha kugwiritsa ntchito ndi kuchisintha pakatha mwezi, poti chonyowa chimasunga tizilombo. Chikatha ntchito chimawola n'kukhala manyowa, kusiyana ndi zapulasitiki zimene zimakathera m'ngalande ndi mumtsinje wa Mudi.

Pempho lathu kwa a komiti ndi lakuti atilole kudzala m'mbali mwa mpanda wa mzikiti, ndi kulondolera kumeneko madzi amene amatayika pochita wudhu, kuti mbewu zisafote mvula ikadula. Makolo amene muli ndi zinkhupule zouma zokhala ndi njere, tumizani njerezo kusukulu mvula isanayambe. Ophunzira adzagawana mapando, aliyense n'kumasamalira lake mpaka kukolola, in shaa Allah.