Desiki Imodzi Singakwane Ana Onse

Ntchito yanga ndi ya mafizo. Ambiri amaganiza kuti timangothandiza ovulala pa ngozi ndi ofa ziwalo, koma pali gawo lina lotchedwa ergonomics. Apa timayeza thupi la munthu kuti mpando kapena chida chimuyenere, msana usanayambe kuwawa.

Mu 1952, Gilbert Daniels anaunika miyezo ya asilikali 4,063 oyenda pa ndege ku America. Mipando ya m'ndege inkapangidwa potengera munthu wa msinkhu wapakatikati, koma pa miyezo 10 ya thupi, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali wapakatikati pa yonse. Mipando inayamba kupangidwa yotheka kusendeza. Lero dalaivala wa thiraki amene ali pamzere pa chipata cha Mwanza, kudikira kulowa ku Zobue, amakweza kapena kutsitsa mpando mmene akufunira.

Nanga ana athu? Kuno m'kalasi imodzi mumapezeka wa zaka 9 ndi wa zaka 14. Komanso kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi ndi opinimbira. Koma madesiki amabwera a saizi imodzi, benchi yokhomeredwa ku tebulo.

Tamuyang'anitsitsani wamng'onoyo. Miyendo ili lendelende, thabwa likumudya kunsi kwa ntchafu, ndipo kuti alembe akukweza mapewa mpaka m'makutu. Sipatenga nthawi, wayamba kutakataka. Wamtali uja mawondo akugunda kunsi kwa tebulo, msana wapindika. Aphunzitsi akakalipa kuti akhale bwino, mtima umandipweteka, chifukwa mwanayo sanalakwe.

Inde, ana ambiri akukhalabe pansi, ndipo desiki iliyonse ndi yamtengo wapatali. N'chifukwa chake iyenera kukhomedwa bwino. Telala sadula nsalu asanakuyezeni, ndipo kalipentala nayenso tepi ali nayo. Mwana akhale pa benchi, mapazi aponde pansi. Muyeze kuchokera pansi kufika kuseri kwa bondo: benchi isapitirire pamenepo. Tebulo likhale pamwamba pang'ono pa chigongono.

A komiti ya sukulu, mukamapereka oda kwa akalipentala a pa boma, pemphani masaizi atatu, aafupi aikidwe kutsogolo. Pa madesiki amene alipo kale, khomani kathabwa kopondapo ana aang'ono.