Fakitale ikachotsa anthu, chipereganyu nacho chimafa

Kwa zaka zambiri, fakitale yowomba nsalu ya David Whitehead and Sons ku Makata, mumzinda wa Blantyre, inali m'gulu la makampani olemba anthu ochuluka ntchito m'dziko muno. Ambiri mwa antchito ake ankakhala ku Ndirande. Msika wa dziko lino utatsegukira katundu wakunja m'zaka za m'ma 1990, kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo zinasefukira. Fakitaleyo inayamba kulowa pansi, anthu nkumachotsedwa, mpaka boma linaigulitsa ku kampani ya Mapeto mu 2003.

Zikatere, anthu amawerenga malipiro amene atayika. Chimene sichiwerengedwa ndi kukhulupirirana kumene kunkatsamira pa tsiku la malipirolo.

Chitsanzo ndi chipereganyu. Anthu ogwira ntchito pamodzi amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi nkumapatsa mmodzi, mosinthana. Palibe chosainirana, chikole chake ndi chakuti aliyense amadziwa tsiku limene mnzake amalandira. Ntchito ikatha mzere usanathe, amene anadya kale alibe poyambira kubweza, pomwe amene ankadikira amaona ngati waberedwa. Onse awiri sakunama. Komabe anthu amene ankadyera m'mbale imodzi pa nthawi yopuma amayamba kuzembana m'njira.

Vutolo limafalikira. Mwini okala amene ankalemba ngongole ya sopo ndi shuga m'kope amatseka kopelo, pakuti naye akaoda ndi chiyani? Mwini nyumba amaleka kumva zakuti lendi ibwera mwezi ukatha. Chopereka cha pamaliro chimachepa, ndipo m'malo mwa bwenzi, wobwereketsa amakhala wakatapila.

Mpata wowawa kwambiri umakhala pakati pa ochotsedwa ndi otsala. Wotsala amachita manyazi kudutsa ndi jumbo ya nyama pakhomo pa mnzake, ndiponso amatopa ndi kupemphedwa. Wochotsedwa amadzifunsa kuti mnzakeyo anapulumuka bwanji, ndipo mphekesera zakuti ankadya ndi mabwana sizichedwa.

Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limalamula kuti wochotsedwa motere alandire ndalama zomutsanzika, ndipo wosakhutira angadandaule ku khoti loona za ntchito. Koma milandu imatenga nthawi. Podzafika tsiku la chigamulo, ena amakhala atayamba kabaza, ena atabwerera kwawo ku Thyolo kapena ku Mchinji, osatsanzikana.