Tizitsulo totikitira minofu tingathandize ovulala m'migodi, koma patokha sitichiza

ZVISHAVANE, Zimbabwe – M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands monga Zvishavane, Shurugwi ndi Kwekwe, momwe mukukhalanso zidzukulu za Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito kalelo, munthu amadya ndi msana ndi mapewa ake. Akabinya phewa kapena bondo, banja lonse limagona ndi njala.

Vutoli lakula kuchokera pamene ntchito zolembedwa zinachepa. Fakitale ya zitsulo ya Ziscosteel ku Redcliff inasiya kugwira ntchito mu 2008, ndipo mgodi wa asibesitosi wa Shabanie nawonso unaima m'zaka zomwezo. Ambiri anayamba kukumba golide paokha, anthu amene kuno amatchedwa makorokoza.

Bungwe la NSSA lili ndi malo othandizira ovulala pantchito ku Bulawayo, koma thumba lake la chipukuta misozi limalipiridwa ndi olemba ntchito. Wokumba payekha amatsala padera, n'chifukwa chake njira iliyonse yolonjeza kuchira msanga imamukopa.

Imodzi mwa njirazi ndi yotikita minofu ndi tizitsulo tosachita dzimbiri, tam'mphepete mosalala. Inatchuka ku America m'zaka za m'ma 1990 kudzera mwa David Graston, yemwe anapanga zida zoterezi atavulala bondo. Imafananako ndi gua sha, njira yakale ya ku China.

Mnofu kapena mtsempha ukavulala, thupi limalumikiza malowo ndi chipsera cham'kati, ndipo chiwalocho chimatha kuuma. Katswiri wa mafizo amayamba watenthetsa malowo, n'kupakapo mafuta, kenako amayendetsa kachitsuloko mopendeketsa kwa mphindi zochepa. Kachitsuloko kamamuthandiza kumva pamene palimba, komanso kamapeputsa ntchito ya zala zake. Akatero, wodwalayo amawongola ndi kulimbitsa chiwalocho.

Kafukufuku wosiyanasiyana wasonyeza kuti njirayi imatha kuchepetsa ululu ndi kufewetsa chiwalo kwa kanthawi, koma umboni woti imasungunula chipsera ndi wochepa. Chimene chimabwezeretsa mphamvu ndi mafizo ochitidwa mosadumphitsa kwa milungu ingapo, komanso kubwerera ku ntchito yolemetsa pang'onopang'ono.

Ngozi ili pakuti ululu ukazizira, munthu amathamangira kumgodi mnofu usanapole, n'kuvulalanso koposa poyamba.

Palinso malo amene kachitsuloko sikayenera kufikapo: pabala losapola, pafupa lothyoka lomwe silinagwirane, pakhungu lotupa kapena la mafinya, ndi pamwendo womwe ukuganiziridwa kuti magazi aundana. Omwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, monga warfarin, ayenera kuuza dokotala kaye.

Kufiira pang'ono kwa khungu kumachitika, koma mikwingwirima yaikulu si chizindikiro cha kuchira. Kudzipala ndi supuni kapena sipanala kunyumba kungawonjezere vutolo.

Wovulala ayenera kuyamba wapimidwa kuchipatala kuti zidziwike ngati fupa lili bwino. Zipatala zikuluzikulu za boma, monga cha Gweru, zili ndi nthambi za mafizo zomwe zingamuuze zoyenera kuchita ndi nthawi yoyenera kugwiranso fosholo.