Sheya yakwera ndi dola imodzi, bwanji option yangokwera pang'ono?

Mukamatsatira misika ya masheya ya ku America pa foni, simuchedwa kukumana ndi mawu akuti LEAPS. Awa ndi ma option a nthawi yaitali, omwe msika wa Chicago Board Options Exchange unayambitsa mu 1990. Option ili ngati chikole chomwe mumapereka kwa mwini puloti kuti akusungireni pa mtengo womwe mwagwirizana. Malowo simunagule ayi, mwagula ufulu wodzagula. Pa LEAPS ufuluwu umapitirira chaka, nthawi zina mpaka kuyandikira zaka zitatu, ndipo kontirakiti imodzi imaimira masheya 100.

Chomwe chimadabwitsa ongoyamba n'chakuti option siyenda phazi limodzi ndi sheya. Muyeso wa kayendedwe kake amautcha delta, ndipo pa option yogulira umakhala pakati pa 0 ndi 1.

Tiyerekeze kuti sheya ili pa $100, inu mwalipira $15 pa sheya iliyonse kuti mudzagule pa $100 pomwepo m'zaka ziwiri. Ndiye kuti $1,500 yatuluka m'thumba. Ngati delta ndi 0.6, sheya ikakwera ndi $5 option yanu imakwera ndi $3 basi. Zochepa? Taonaninso: sheya yapindula 5 peresenti, inu 20 peresenti. Koma mpeniwu ndi wakuthwa konsekonse. Sheya ikatsika ndi $5, pafupifupi $300 yapita, ndipo tsiku lomaliza likakwana sheya ili pansi pa $100, chikole chonse chimapsa.

Delta nayo sikhazikika. Sheya ikamakwera kupitirira mtengo wa pangano, delta imayandikira 1, kungoti pa option yaitali imasuntha mwaulesi chifukwa nthawi ikadali yambiri, zinthu zingathe kutembenuka. Chinanso, msika ukakhala bata anthu n'kusiya kuyembekezera kuti mitengo igwedezeka, option yaitali imatha kutsika mtengo ngakhale sheya itakwera pang'ono. Apa ndi pomwe ambiri amagwira pakamwa.

Amene anadya bwino za kudikira ndi Warren Buffett. Mu 2011 kampani yake ya Berkshire Hathaway inaika $5 biliyoni mu Bank of America, n'kulandira ufulu wa zaka 10 wogula masheya 700 miliyoni pa $7.14 iliyonse. Inagula mu 2017, sheya ili pamwamba pa $20. Pofika apo ufuluwo unkayenda pafupifupi dola kwa dola ndi sheyayo.