Nsomba ya M'galasi: Mlendo Wochokera ku Amazon

Mwana wokulira m'mbali mwa mtsinje wa Rivirivi amadziŵa nsomba ngati ndiwo: matemba, milamba ndi makumba. Tsono akafika mumzinda ndi kuona nsomba ikusambira m'bokosi lagalasi, yosadyedwa, yongoŵetedwa chifukwa cha kukongola kwake, amabwerera kwao ndi pempho lakuti, "Bambo, nafenso tiŵete." Makolo okondedwa, musanavomere kapena kukana, tiyeni tiidziŵe bwino imodzi mwa nsomba zoterezi, imene Azungu amaitcha angelfish.

Kwao kwa nsombayi ndi ku South America, m'mitsinje ya chigwa cha Amazon, m'maiko a Brazil, Peru ndi Colombia. Akatswiri anailemba m'mabuku m'chaka cha 1823, ndipo dzina lake la sayansi ndi Pterophyllum scalare. Thupi lake ndi lopyapyala ngati tsamba, zipsepse zake zazitali, ndipo mizere yakuda ya m'nthiti mwake imaibisa pakati pa zomera za m'madzi. Chodabwitsa ndi chakuti mlendoyu ndi mbale wa chambo ndi mbuna zathu, pakuti zonsezi ndi za banja limodzi lotchedwa cichlid.

Komabe abale amalera mosiyana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Angelfish zimakhala ziŵiriziŵiri: zimayeretsa tsamba limodzi, yaikazi niikirapo mazira m'mizere, ndipo zonse ziŵiri zimasinthana kukupiza mazirawo ndi zipsepse ndi kuchotsa ovunda. Pakapita masiku 2 kapena 3 mazira amaswa, ndipo pakatha pafupifupi sabata tiana timayamba kusambira, makolo akutilondera. Mwana amene wapenya zimenezi ndi maso ake saiŵala.

Zofunika Poŵeta

Choyamba ndi malo. Nsombayi ikakula imatalika masentimita 15, ndipo kuchokera nsonga ya chipsepse chapamwamba kufika chapansi imafika masentimita 20. Motero botolo kapena kambale sikokwanira ai. Pafunika bokosi lalitali, la malita osachepera 100, loikidwa pa tebulo lolimba, pakuti lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi.

Chachiŵiri ndi madzi. Angelfish imafuna madzi ofunda, a madigiri 24 mpaka 30. Kutentha kwa chigwa chathu kukuiyenera, koma usiku wa mu Juni ndi Julayi pafunika chotenthetsera madzi, ndipo mu Okutobala bokosi likhale kutali ndi zenera loloŵera dzuŵa. Madzi a pampopi ali ndi mankhwala a klorini amene amapha nsomba. Ayambe akhala m'ndowa yosavundikira masiku aŵiri. Madzi a m'mijigo ina ya kuno ku Balaka ali ndi mchere wambiri, pamene kwao kwa nsombayi madzi alibe mchere wotere, choncho nkwabwino kuwasakaniza ndi madzi amvula oyera.

Chachitatu ndi kudekha. Zonyansa za nsomba zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. Amene amachotsa poizoniyu ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaswana m'sefa ya madzi, ndipo timatenga masabata 4 mpaka 6 kuti tichuluke. Wothira nsomba zambiri tsiku loyamba amadzazipeza zitayandama chagada. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anai a madzi ndi kuthiramo atsopano. Sefa muitsukire m'madzi omwe mwachotsawo, osati ndi sopo. Chakudya chikhale chochepa, chotha m'mphindi ziŵiri, kaŵiri pa tsiku; chotsala chimaola ndi kuipitsa madzi.

Musaike angelfish pamodzi ndi mbuna. Mbuna ndi zandewu, zimaluma zipsepse, ndiponso zinazoloŵera madzi ena. Kumbukiraninso kuti sefa ndi chotenthetsera zimadalira magetsi. Banja losoŵa magetsi odalirika lisataye ndalama ya fizi kapena ya feteleza pa chiŵeto chimene chidzangovutika.

Chenjezo kwa Achinyamata

Tsiku lina nsomba idzakutopetsani. Pamenepo musaganize kuti kuitaya mumtsinje ndi chifundo. Rivirivi amathira mu Shire, ndipo chimene mwataya ku Utale sichikhala ku Utale. Nsomba yachilendo ingathe kubweretsa matenda kwa nsomba zathu, ndipo zomera za m'bokosi zingathe kumera ndi kufalikira.

Umboni tili nao pafupi. Namasupuni nayenso kwao ndi ku Amazon komweko, ndipo anthu anamfalitsa m'maiko ambiri chifukwa cha maluŵa ake okongola. Pofika zaka za m'ma 1990 anali atadzaza malo ambiri mu Shire, kutsekereza mabwato a asodzi, ndipo pamodzi ndi zomera zina ankatseka njira ya madzi ku makina a magetsi a ku Nkula. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Nsomba imene simuifunanso mupatse mnzanu woŵeta, ndipo zomera muziumitse padzuŵa ndi kuziotcha.

Tisaiŵalenso chuma chathu. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya cichlid yoposa 700, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. Kuyambira zaka za m'ma 1970 malemu Stuart Grant ankatumiza mbuna ku maiko akunja kuchokera ku Senga Bay, ndipo zinakometsa nyumba za ku Ulaya ndi ku America. Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park mu 1980 kuti nsombazi zitetezedwe, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi.

Tsono makolo, mwana akapempha nsomba ya m'galasi, mfunseni: "Kodi madzi adzasintha ndani Loŵeruka lililonse?" Akayankha kuti "Ine," ndipo mukaona kuti mbuzi ndi nkhuku za pakhomo amazisamala osakumbutsidwa, mlendo wa ku Amazon angathe kuloŵa m'nyumba.